MBENDERA YA PA COMBO: MBIRI YA ZOMBO ZOPITA NDI CITHANDIZO KU GAZA

 Ambiri a ife sitinaione nyanja yamcere ndi maso, pakuti dziko lathu liri pakati pa maiko ena. Koma yense amene anaonako cithunzi ca sitima ya pamadzi adziwa kuti kumbuyo kwace kumakhala mbendera. Nsalu imeneyo saiika cifukwa ca kukometsa combo ai. Iri ndi mau ace, ndipo mau ace ndi akuti combo ici ciri ndi boma limene licidziwa, limene lidzafunsa mlandu ngati wina acicita coipa. Nkhani yanga lero iri ya zombo zimene zinayesa kupita ndi cakudya ndi mankhwala kwa Apalestina a ku Gaza, ndipo funso limene tifuna kuliyankha ndi ili: kodi combo cotere cikagwidwa kapena kuombedwa pa nyanja, nchito ya kucicinjiriza iri ya yani?

DZIKO LOCEPA, ANTHU AMBIRI

Gaza ndi kadziko kakang'ono m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. M'litali mwace muli mailosi 25, ndiye kuti ulendo wocokera ku Ndola kufika ku Kitwe uposa pamenepo. M'lifupi mwace pena mailosi 4, pena 7. Koma m'kadziko kotere mukhala anthu oposa 2,000,000. Kumpoto ndi kum'mawa kwace kuli Israel, kumwera kuli Egypt, kumadzulo kuli madzi.

Nanga anthuwo anaculuka bwanji? Pa nkhondo ya 1948, pamene boma la Israel linakhazikika, Apalestina oposa 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa m'midzi yao, ndipo ngati 200,000 a iwo anakaunjikana ku Gaza, kumene eni mudzi anali ngati 80,000 cabe. Minda yao inatsala tsidya lija la malire. Cifukwa cace mu December 1949 bungwe la United Nations linapanga nthambi yochedwa UNRWA, kuti idyetse othawawo ndi kuwamangira masukulu ndi zipatala. Egypt anasunga Gaza kufikira 1967, caka cimene Israel analanda dzikolo. Mu 2005 Israel anacotsamo asilikali ace ndi anthu ace, koma makiyi sanawapereke: nyanja, mlengalenga, ndi zipata zambiri za pa mtunda zinatsala m'manja mwace. Mu 2007 cipani ca Hamas, cimene cinapambana masankho a 2006, cinatenga ulamuliro wa Gaza ndi mfuti. Pamenepo Israel anapanikiza zipata zace, Egypt nayenso anatseka kawiri-kawiri cipata cace ca ku Rafah, ndipo mu January 2009 Israel analalikira kuti waika mpanda wa zombo zankhondo pa nyanja, kuti pasapite combo ciri conse.

Cifukwa cimene Israel anapereka tisacibise. Iye anati Hamas aponya mizinga m'midzi ya Israel, ndipo combo cimene cinyamula ufa cikhozanso kunyamula zida. Mantha awa sanali opanda pace, pakuti mu January 2002 asilikali ace anagwira combo cochedwa Karine A pa Red Sea ciri ndi matani 50 a zida. Tsono bvuto liri apa: wina aopa mfuti, wina ali kufa ndi njala, ndipo zonse ziwiri zidzera njira imodzi. Bvuto limeneli si la lero. Tiyeni tione m'mene makolo a ku Ulaya analiweruzira.

BELGIUM NDI GREECE

Mu 1914, pa Nkhondo Yaikulu yoyamba, Ajeremani analanda dziko la Belgium, ndipo Angerezi anazinga nyanja kuti cakudya cisafike kwa adani ao. Anthu a ku Belgium, amene anazolowera kugula tirigu wambiri kunja, anatsala pakati ngati cimanga pakati pa mtondo ndi munsi. Munthu wina wa ku America, Herbert Hoover, amene nchito yace inali ya migodi monga ambiri a inu, anatsogolera bungwe lotumiza cakudya. Koma iye sanangodzaza zombo ndi kuzikankhira pa madzi. Anayamba wapangana ndi maboma. Angerezi anabvomera kuti zombozo zipite, Ajeremani analonjeza kuti sadzalanda cakudyaco, ndipo akazembe a America, Spain ndi Holland anaima ngati ankhoswe a panganolo. Zombo zinali ndi mbendera yao-yao ndi malemba akulu m'nthiti mwace, ndipo zinatula katundu pa doko la Rotterdam. Zina zinamizidwa ndithu, pakuti nkhondo ilibe maso. Koma matani oposa 5,000,000 anafika, ndipo anthu ngati 9,000,000 a ku Belgium ndi kumpoto kwa France anadya kufikira nkhondo itatha.

Pa nkhondo yaciwiri zomwezo zinagwera dziko la Greece. Ajeremani ndi Ataliana analilanda mu April 1941, natenga cakudya ca eni dziko, ndipo Angerezi anatseka nyanja. M'nyengo yozizira ya 1941 ndi 1942 anthu anali kugwa m'miseu ya Athens, ndipo owerenga ayesa kuti njala inapha anthu ofika ngati 300,000 m'zaka za nkhondoyo. Combo coyamba kuwakumbukira cinacokera ku Turkey, dzina lace Kurtuluş. Cinayamba maulendo ace mu October 1941, ndipo cinasweka pa miyala mu 1942. Anthu a ku Britain komweko anadandaula kwa boma lao; bungwe la Oxfam limene tilidziwa lero linabadwa mu 1942 cifukwa ca njala yomweyi. Potsiriza boma la Britain linafewa mtima. Kuyambira August 1942 zombo za ku Sweden, dziko limene silinali pa nkhondo, zinayamba kunyamula matani 15,000 a tirigu wa ku Canada mwezi ndi mwezi, ndipo anthu a ku Sweden ndi a ku Switzerland anayang'anira kagawidwe kace kuti asilikali asadyeko.

Taonani tsono cimene cinapulumutsa anthu m'maiko awiriwa. Cifundo ca anthu wamba ndico cinadzaza zombo, koma njira anaitsegula ndi maboma amene anaima kumbuyo kwa zombozo, nati, katundu uyu tamuona ndife, mlekeni apite.

CIMENE MAIKO ANALONJEZA MU 1949

Nkhondo itatha, maiko anakomana ku Geneva mu 1949 nalemba mapangano anai a malamulo a nkhondo. Pangano lacinai ndilo la anthu wamba, ndipo maiko onse a pansi pano, Zambia pamodzi ndi Israel, analibvomera. Ndime 55 iti boma limene lagwira dziko la eni liyenera kuona kuti anthu ali ndi cakudya ndi mankhwala. Ndime 59 iti ngati anthuwo ali kusowa, bomalo liyenera kulola cithandizo cocokera kunja. Ndipo ionjeza kuti maiko onse amene anabvomera panganolo ayenera kupatsa njira katundu wotere ndi kumucinjiriza. Ndime yomweyo ipatsa boma lopereka njira mphamvu ya kusanthula katunduyo ndi kunena nthawi ndi njira yopitira. Ndime yoyamba ya mapangano onse anai iti dziko liri lonse lisunge malamulowa, ndiponso lione kuti anzace ali kuwasunga.

Kuzinga nyanja pa kokha si mlandu nthawi zonse. Ife a kuno tikumbukira kuti kuyambira 1966 kufikira 1975 zombo zankhondo za Britain zinalonda pafupi ndi doko la Beira, ndi cilolezo ca United Nations, kuti mafuta asapite kwa boma la Ian Smith. Koma ngakhale pa zilango za Rhodesia mankhwala sanaletsedwe. Akatswiri a malamulo a pa nyanja amene analemba buku la San Remo mu 1994 anati mpanda uli woletsedwa ngati colinga cace ndi kupha anthu wamba ndi njala, kapena ngati kusautsa kwace kuposa phindu lace la nkhondo. Ndipo anthu akasowa cakudya, mwini mpanda ayenera kucipatsa njira. Lamulo lina, la 1982, liti malire a dziko pa madzi alekeza pa mailosi 12 a pa nyanja. Kupitirira apo nyanja iri ya onse, ndipo pa nthawi ya mtendere combo ciweruzidwa ndi boma la mbendera yace lokha.

PA GOMBE LA PALESTINE

Madzi a ku Palestine anaona zombo zogwidwa kale lomwe. Mu July 1947 combo cochedwa Exodus cinadza ndi Ayuda ngati 4,500 amene anapulumuka m'manja mwa Hitler. Asilikali a pamadzi a Britain anacikwera cisanafike pa gombe, anthu atatu anafa, ndipo otsalawo anabwezedwa kufikira ku Hamburg, m'dziko lomwelo limene abale ao anaphedwamo. Britain anapambana pa madzi, koma anacita manyazi pamaso pa maiko onse. Mu February 1988 Apalestina opitikitsidwa anafuna kucita ulendo wonga womwewo, koma combo cao cinaphulitsidwa ciri pa doko la Limassol ku Cyprus.

Mu August 2008 timabwato tiwiri, Free Gaza ndi Liberty, tinacoka ku Cyprus ndi anthu 44 ndi tizipangizo tothandiza ana ogontha kumva, ndipo Israel anatileka tifike. Maulendo ena ocepa anafikanso caka comweco. Kuyambira pamenepo kufikira kutha kwa 2025, palibe combo copita popanda cilolezo ca Israel cimene cinagunda gombe la Gaza.

Tsiku loipa koposa linali 31 May, 2010. Zombo 6, zonyamula anthu ngati 700 ndi matani ngati 10,000 a simenti, mankhwala ndi zina, zinali pa nyanja ya onse, kutali ndi malire. Kusanace asilikali a Israel anatsikira pa combo cacikulu, Mavi Marmara, ndi zingwe kucokera m'ndege za helikopita. Ena a m'combomo anawalandira ndi zitsulo, asilikali ena anabvulala, ndipo asilikaliwo anaomba mfuti. Anthu 9 anafa usiku womwewo, ndipo wacikhumi anafa mu 2014 atagona zaka zinai wosadziwa kanthu.

Mlanduwu unafufuzidwa kawiri ndi United Nations, ndipo ofufuzawo sanamvane pa zonse. Oyamba, mu 2010, otsogozedwa ndi woweruza Karl Hudson-Phillips wa ku Trinidad, anati mpandawo unali wosalolezeka, popeza unasautsa anthu wamba kopitirira muyeso. Aciwiri, mu 2011, otsogozedwa ndi Sir Geoffrey Palmer wa ku New Zealand, anati mpanda wa pa nyanja unali wololezeka cifukwa ca zida. Koma onse awiri anabvomerezana kuti asilikali anacita mopitirira. Boma la Turkey linaumirira pa mlandu wa anthu ace osatopa, kotero kuti mu 2013 nduna yaikulu ya Israel, Benjamin Netanyahu, inapepesa, ndipo mu 2016 Israel anabvomera kulipira madola 20,000,000 kwa aferedwa ndi obvulala. Cinanso, mkokomo wa maboma unacititsa Israel kucepetsako ziletso za pa mtunda mu June 2010.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Mavi Marmara sinanyamule mbendera ya Turkey, koma ya Comoros, tizisumbu ta Africa ta pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Kadziko kosauka kameneka kanakumbukira mau a mbendera yace, ndipo mu 2013 kanakatula mlandu ku bwalo la maiko loweruza zigawenga za nkhondo ku The Hague. Woimba milandu wa bwalolo, Mai Fatou Bensouda wa ku Gambia, anayankha mu 2014 kuti panali zizindikiro zakuti malamulo a nkhondo anaswedwa, koma kuti mlanduwo sunakule kofikira bwalo lace. Comoros sanapambane, koma nchito ya mwini mbendera anaigwira.

MABOMA AMENE ANABWEZA DZANJA

Maboma ena anacita zosiyana. Mu July 2011 boma la Greece, dziko lomwe lija linapulumuka ndi tirigu wa pa zombo, linaletsa zombo za ku Gaza kucoka m'madoko ace.

Pa 7 October, 2023, ankhondo a Hamas analowa m'Israel, napha anthu ngati 1,200, ambiri a iwo anthu wamba, nagwira ena ngati 250. Nkhondo imene inatsatira inagumula Gaza. Pofika July 2025 a zaumoyo a kumeneko anali atawerenga akufa oposa 60,000. Nkhondo isanayambe, malole ngati 500 anali kulowa pa tsiku la nchito. Pa nkhondo anacepa kwambiri. South Africa anakasuma ku bwalo lalikulu la United Nations, ndipo mu January ndi March 2024 bwalolo linalamula Israel kuti alole cithandizo cilowe.

Mu March 2024 combo ca Open Arms cinacoka ku Larnaca ndi matani 200 a cakudya. Boma la Cyprus linaima kumbuyo kwace, katundu anasanthulidwa asanakwezedwe, ndipo cinafika. Umo ndi m'mene zinacitikira ku Belgium ndi ku Greece. Koma pa 1 April anchito 7 a bungwe la World Central Kitchen, limene linali kugawa cakudyaco, anaphedwa ndi mizinga ya Israel pa mseu. Israel anati kunali kulakwitsa, ndipo zombo zimene zinali zisanatule katundu yense zinabwerera.

Mwezi womwewo zombo zina zinali zokonzeka ku Istanbul ndi matani oposa 5,000, koma boma la Guinea-Bissau linacotsa mbendera yace pa ziwiri za izo, ndipo ulendo unafera pa doko, pakuti combo copanda mbendera ciri ngati munthu wopanda citupa. Kuyambira 2 March, 2025, Israel anatseka zipata zonse kwa milungu 11. Pa 2 May combo cochedwa Conscience cinaombedwa usiku pafupi ndi Malta; eni ulendo anati tinaciomba ndi tindege topanda woyendetsa, naloza cala Israel, amene sanabvomere kapena kukana. Conconso cinali citangolandidwa mbendera ya Palau. Mu June bwato la Madleen, la mbendera ya Britain, linagwidwa pa nyanja ya onse ndi anthu 12. Pa 22 August akatswiri oyesa njala, amene United Nations iwakhulupirira, analalikira kuti m'cigawo ca mzinda wa Gaza mwagwa njala yakupha, ndi kuti anthu oposa 500,000 ali pa msinkhu woopsa koposa. Israel anatsutsa mau amenewo.

ZOMBO ZANKHONDO ZIPEREKEZA, KOMA ZILEKEZA PANJIRA

Pa 31 August, 2025, ulendo wa mabwato ambiri koposa maulendo onse a m'mbuyo mwace unayamba ku Barcelona, dzina lace Global Sumud Flotilla. Mabwato anaposa 40, anthu anali ngati 500 ocokera m'maiko oposa 40, ndipo mmodzi wa iwo anali Mandla Mandela, mdzukulu wa Nelson Mandela. Pa 16 September nduna za maiko 16, South Africa, Spain ndi Turkey ali pomwepo, zinacenjeza kuti wocita coipa mabwatowo adzafunsidwa mlandu. Mabwato ena ataombedwa usiku pafupi ndi cisumbu ca Crete, Italy ndi Spain anatumiza zombo zao zankhondo kukawaperekeza.

Inu a m'mabungwe a anchito, imvani ici. Ku Italy anchito a pa doko la Genoa anali atanena poyera kuti mabwatowo akacitidwa coipa iwo adzaleka kukweza katundu, ndipo pa 22 September anchito ambiri-mbiri a m'dzikomo ananyanyala nchito cifukwa ca Gaza. Boma limene anthu ace ali kuliyang'ana cotero silikhala manja lende.

Koma zombo zankhondozo zinatumidwa kukapulumutsa anthu akagwa m'tsoka, si kukatsegula njira ai. Combo ca Italy cinaima patatsala mailosi 150 a pa nyanja, ca Spain naconso sicinalowe m'madzi amene Israel analetsa. Kuyambira 1 kufikira 3 October asilikali a Israel anagwira mabwato onse, natsekera anthu oposa 450, nawabweza kwao. Panalibe wakufa. Pa 10 October pangano la kuleka nkhondo linayamba kugwira nchito, ndipo pa 22 October bwalo lalikulu la United Nations linapereka uphungu wace wakuti Israel, monga wogwira dziko la eni, ayenera kulola ndi kuthandiza nchito za cithandizo, za UNRWA zomwe.

TIPHUNZIRAPO CIANI?

Ena ati mabwato amenewa anyamula zocepa, ndipo colinga cao ndi kucititsa Israel manyazi. Atinso Israel anawauza kuti atule katundu pa doko la Ashdod kapena kwina, iwo nakana. Mau awa ali ndi coona cace. Mabwato 40 sangadyetse anthu 2,000,000, ndipo eni ulendo sanabise kuti afuna mpanda weni-weniwo ucoke. Njira yokhutitsa Gaza ndiyo ya malole pa mtunda. Koma tifunse: anthu wamba akadakwereranji timabwato, maboma akadasunga cimene analonjeza mu 1949? Mwana akapita yekha kukatunga madzi usiku, mlandu uli pa akulu amene anakhala pansi mtsuko uli gwa.

Mbiri imene tamva itionetsa kuti nchito ya boma iri patatu. Yoyamba, lisalande mbendera kapena kutseka doko kwa combo cimene cinyamula cakudya ndi mankhwala okha. Yaciwiri, lisanthule katunduyo lokha pamaso pa mboni, kuti woopa zida asowe ponamizira, ndipo litatero liime kumbuyo kwa comboco kufikira citatula. Yacitatu, anthu ace akaphedwa kapena kugwidwa pa nyanja ya onse, lifunse mlandu monga anacitira Turkey ndi Comoros. Zonsezi sizifuna kuti boma liombe mfuti, ndiponso sizifuna kuti likonde Hamas kapena kuda Ayuda. Mwana wa njala sanasankhe cipani.

Inu amene mutsika pansi pa mgodi mudziwa kuti moyo wanu uli m'manja mwa anthu a pamwamba, amene asunga mpweya ndi cikepe. Ngakhale pakhale mkangano wotani, palibe amene aloledwa kutseka mpweya. Ndipo akulu athu akumbukira December 1965, pamene Smith anatitsekera mafuta. Tinapulumuka cifukwa maboma a Britain, Canada ndi America anatumiza ndege, ndi cifukwa Tanzania anatipatsa njira ya malole yocokera ku Dar es Salaam, kufikira mpope wa mafuta unafika ku Ndola mu 1968. Ife tinasowa petulo. A ku Gaza anasowa ufa ndi mkaka wa ana. Makolo anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Dziko lathu liribe combo pa nyanja ya Mediterranean, koma liri ndi mpando ku United Nations, ndipo dzina lace liri pa pangano la ku Geneva. Nkoyenera kuti ife eni dziko tizifunsa atsogoleri athu m'mene agwiritsira nchito mpando umenewo.